Musanawerenge malata a pa Songwe, werengani mathiraki odutsa pa mlatho

Akuluakulu osunga thumba la boma ku Capital Hill ali ndi nyimbo imene sakutopa nayo masiku ano. Akuti makhonsolo aphunzire kudzidalira. Azitolera okha ndalama. Asiye kumangoyang'ana ku Lilongwe.

Nyimboyi imakoma ikamaimbidwa pamsonkhano wa kuhotela ya kunyanja, alawansi ili kale m'thumba. Koma khonsolo ilibe mgodi, ilibe fakitale, sisindikiza ndalama. Mukaiuza kuti idzidalire imathamangira kwa mayi wogulitsa tomato pamsika. Ikamufinya mayiyo mpaka kuuma, imakweza maso n'kuona denga la nyumba yanu.

Ndikunena ndi inu, mabwana a ku Treasury, ndi anzanu a ku unduna wa maboma aang'ono. Mwatseka mpopi kumtunda, kenako mukuuza khonsolo kuti ikatunge m'matumba mwa eni nyumba. Ndipo palibe malo amene chinyengochi chimaonekera poyera kuposa pa Songwe.

Kaimeni pa mlatho m'mawa uliwonse. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, makontena, feteleza, simenti, galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zonse zili pamzere kudikira mapepala. Chilichonse chowoloka kuchokera ku Kasumulu, tsidya la Tanzania, chimasiya kenakake m'manja mwa boma: msonkho wa katundu wolowa, VAT, ndalama zimene mathiraki akunja amalipira poyenda pamisewu yathu. Songwe ndi chimodzi mwa zipata zikuluzikulu za dziko lino, mnzake wa Mwanza, Dedza ndi Mchinji.

Kodi ndalamazo zimagona pa Songwe? Ayi ndithu. Zimathamangira ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 600. Zogona pa Songwe ndi madalaivala, zinyalala zawo, mkodzo wawo ndi fumbi la matayala awo.

Tsono mvetserani zimene zikubwera. M'masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, boma likufuna mizinda yatsopano, ndipo Karonga ali pamndandanda wa matauni 8 amene anasankhidwa, pamodzi ndi Kasungu, Nkhata Bay, Liwonde, Luchenza, Bangula ndi ena. Zithunzi zake n'zokongola, nyumba zosanjikizana ndi mitengo m'mbali mwa misewu. Chimene sichijambulidwa pazithunzipo ndi kalata ya city rates.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limanena bwinobwino. Dera likangolengezedwa kuti ndi lokhometsedwa msonkho wa nyumba, khonsolo imalemba nyumba zonse m'kaundula, katswiri amaika mtengo pa iliyonse, ndipo mwini wake amayamba kukhoma chaka ndi chaka malinga ndi mtengowo. Kaundulayo amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Wolephera kukhoma ngongole imamukulira ndi chiwongoladzanja, ndipo mapeto ake khonsolo ikhoza kupita kukhoti kukapempha kugulitsa nyumbayo.

Mukuganiza kuti katswiri uja akamaliza kulemba pa boma adzabwerera kwawo? Adzakwera minibasi ya pa M1, makilomita 45 okha, chifukwa kumene kukumera nyumba za malata, maresitihausi ndi mashopu ndi kuboda. Amene akusaka ndalama sasochera njira ya ku Songwe.

Tiyeni tione munthu amene adzamupeze pakhomo.

Ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene anathira ndalama zake zonse zopumira pa nyumba ya zipinda zitatu. Ndi mayi wamasiye amene anagulitsa mpunga wa Kilombero zaka zambirimbiri, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, chaka chinacho mawindo. Ndi mnyamata wa kabaza amene wamanga zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Palibe mmodzi mwa iwo amene anapatsidwa ngongole ya nyumba kubanki. Kubanki sakawadziwa n'komwe.

Katswiri akadzayang'ana nyumba ya mphunzitsi uja adzalemba mamiliyoni ambiri, ndipo sadzanama. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi K44 pa K100 iliyonse. Simenti inakwera, malata anakwera, misomali inakwera, ndiye papepala nyumba nayonso yakwera. Koma kodi mwini wake walemera? Zipinda zikadali zitatu. Denga likadali kudontha pakona yomwe ija. Penshoni yake imatha mwezi usanafike pakati. Chimene chakwera ndi nambala yolembedwa m'kaundula, ndipo nambalayo munthu sangaiphike.

Mabwana, munagwetsa kwacha ndinu. Lero mukufuna mum'lipiritse iyeyo chifukwa cha kugwa kwa kwachayo, ngati kuti wapeza phindu?

Pali chinanso chimene anthu a ku Lilongwe amaiwala msanga. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka ndi zivomezi zotsatizana kwa masabata awiri. Anthu anafa, ena anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Zitatha izo akatswiri anabwera ndi uphungu: mangani ndi simenti, musaumire maziko, zungulizani lintala, musamangenso ndi dothi lokha. Chaka ndi chaka madzi akasefukira kwa a Mwakaboko ndi kwa a Kilupula, uphungu umakhala womwewo: kwezani maziko, mangani zolimba, samukirani kumtunda.

Anthu anamvera, anadzimana, anamanga zolimba. Tsono msonkho wotengera mtengo wa nyumba umati chiyani kwa munthu womvera ameneyu? Umati zikomo, popeza wathira simenti yambiri, ukhoma zambiri. Mnzako amene anamanga ndi dothi, amene nyumba yake idzagwere ana chivomezi chikadzabweranso, iyeyo akhoma pang'ono. Nzeru zake n'zimenezo.

Ndipo musamayankhule ngati mwini nyumba wa pa Songwe sanakhomepo kalikonse. Thumba lililonse la simenti limene lili m'khoma lake linadutsa pamsonkho. Lata lililonse, chimodzimodzi. Ngati ali ndi lizi, unduna wa zamalo umafuna ground rent. Akaika munthu wa lendi, bungwe lotolera misonkho la MRA limati ndalama ya lendiyo ili ndi gawo lake. Akatsegula kagolosale pakhonde, khonsolo imafuna laisensi. Mkazi wake akayala nthochi pamsika, wodula matikiti amafika dzuwa lisanakwere, kaya agulitsa kaya sagulitsa. Munthuyu anasenza kale. Inu mukubwera ndi mtolo wina.

Ndikudziwa yankho lanu, ndalimva kambirimbiri. Walira mvula walira matope. Mukufuna tauni, landirani ndi msonkho wake womwe.

Chabwino. Matopewo pa Songwe sasowa, mvula ikangoyamba amafika m'maondo. Nanga mvula imene tinalirayo ili kuti?

Tiwerenge bwino. Madzi a m'mpopi munthu amalipira yekha ku Northern Region Water Board. Magetsi amagula yekha mayunitsi ku ESCOM. Msewu wa M1 amaulipira pa lita iliyonse ya mafuta. Apolisi ndi a boma la ku Lilongwe. Ndiye msonkho wa nyumba umayenera kugula zotsalazo: kuchotsa zinyalala, ngalande zamadzi, magetsi a m'misewu, zimbudzi za onse, timisewu tolowa m'makwalala, galimoto yozimitsa moto.

Tandiuzani, mabwana. Nyumba ikayaka pa Songwe usiku wa lero, galimoto yozimitsa moto idzachokera kuti, ndipo idzafika nthawi yanji? Dalaivala amene wadikira mapepala masiku atatu amakadzithandiza kuti? Madzi a mvula ochoka pamalo oimika mathiraki amalowera m'khomo la yani?

Amenewa si mafunso osewera. Kolera amene anabuka kumapeto kwa 2017 anayambira m'boma la Karonga lomweli. Wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Pamalo pamene anthu a mayiko awiri amasakanikirana tsiku lililonse, chimbudzi ndi ngalande ndiye chitetezo choyamba cha dziko, kuposa mfuti ya msilikali wa pa mlatho. Mwasiya zimenezo m'manja mwa khonsolo yopanda ndalama, kenako mukuituma kwa mayi wamasiye.

Chifukwa chiyani khonsolo ilibe ndalama? Apa ndiye pagona nkhani, ndipo simukonda kuti ikambidwe.

Mu 1998 boma linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu. M'ndondomekoyo munalembedwa kuti makhonsolo azilandira K5 pa K100 iliyonse imene boma latolera m'dziko muno, yoti achitire chitukuko. Munalembedwanso kuti ndalama zina zimene boma limatolera, monga za m'misewu, za pamafuta, za kalembera wa galimoto ndi za juga, zizigawidwa kumakhonsolo. Sanalembe ndi anthu a ku Karonga. Munalemba ndinu.

Papita zaka zoposa 25. Atsogoleri asinthana pampando, zipani zalowa ndi kutuluka, koma sanapezeke ndi mmodzi yemwe amene anakwaniritsa lonjezolo mokhazikika. Ndalama zochepa zomwe zimatumizidwazo zimafika mochedwa, zina zodulidwa, zina chaka chitatsala pang'ono kutha. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula mpaka mawu kusasa.

Ndipo tisaiwale chikondi chanu pa mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba pansi pa ndondomekoyi anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu. Palibe amene anasowa tulo ku Capital Hill.

Kumizinda kumene city rates inakhazikika kale, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kafunseni kuti ndani amavuta kulipira. Makhonsolo amizindayi akhala akulira chaka ndi chaka kuti maunduna ndi nthambi za boma zili ndi ngongole zikuluzikulu za msonkho wa nyumba zake. Munthu wamba akachedwa amaopsezedwa kuti dzina lake lituluka m'nyuzipepala, shopu yake itsekedwa ndi loko. Ofesi ya boma ikachedwa zaka, amailembera kalata yaulemu.

Wangongole wamkulu ndi amene akuphunzitsa ena kulipira. Manyazi anathawira kuti?

Anthu a ku Karonga ali ndi chifukwa china chokwiyira, ndipo chili m'boma lawo lomwelo. Mu 2007 boma linasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku Australia ya Paladin yokumba uranium ku Kayelekera. Lamulo linkati kampani ya migodi izipereka K5 pa K100 iliyonse ya miyala imene yagulitsa. Paladin inatsitsiridwa kufika pa K1.50 kwa zaka zitatu zoyamba, kenako K3. Msonkho wa phindu nawo unatsitsidwa. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi Malawi anataya ndalama zokwana madola 43 miliyoni a ku America kudzera m'kuchotsera kumeneku ndi njira zina zimene kampaniyo inkachepetsera msonkho.

Mwaona? Mtima wachifundo muli nawo, mabwana. Mumadziwa kumvetsa mavuto a wokhoma msonkho, kukhala naye pansi, kum'tsitsira. Kungoti wokhoma msonkhoyo azibwera pandege, atanyamula maloya. Agogo a pa Iponga akabwera wapansi ndi ndodo yawo, lamulo ndi lamulo.

Wina anena kuti ndalama za pa boda si za anthu a pa Songwe. Katunduyo akupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, olipira msonkho wake ali komweko, ndipo ndalamazo zimagula mankhwala ku Nsanje ndi choko ku Mchinji.

N'zoona, ndipo palibe akupempha thumba lonse. Koma phindu la boda likamagawidwa dziko lonse, bwanji zonyansa za boda zimasiyidwa pamalo amodzi? Amene wagula galimoto ku Area 47 sanunkhidwa ndi dzala la pa Songwe. Mwana wake sawoloka msewu pakati pa mathanki a petulo popita kusukulu. Kagawo kakang'ono ka zotoleredwa pa mlatho, kolembedwa m'lamulo kuti kazitsala pamalopo, kangagwire ntchito imene msonkho wa nyumba zonse za kuboda sungaigwire. Munapeza ndalama ku World Bank zokonzera msewu wa Karonga mpaka Songwe kuti mathiraki aziyenda bwino. Za anthu okhala m'mbali mwa msewuwo ndiye mwati adzionere okha.

Wina anenanso kuti makhonsolo ndi akuba, ndalama zikapita kumeneko zimasowa, malipoti a wofufuza mabuku a boma amanena chaka chilichonse.

Malipotiwo alipo, sindikana. Koma taimani kaye. Ngati khonsolo ndi yakuba moti simungaipatse K5 yake, mukuitumiranji kukhomo la mayi wamasiye? Wakuba amasiya kuba ndalama ikachokera kwa wosauka? Ndipo Cashgate ya 2013, ija ya K24 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi, sinachitikire mu ofesi ya bwanamkubwa wa Karonga. Inachitikira m'makonde mwanu momwemo. Pa nkhani ya manja aatali, Capital Hill isamaloze chala.

Amene awerenga mabuku andikumbutsa za Mzuzu. Kuyambira 2013 khonsolo ya mzindawu, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GIZ, inalemba nyumba zonse n'kuyamba kuziika pamlingo poona kukula kwake, denga, makoma, mpanda ndi dera limene zili, m'malo modikira akatswiri odula amene dziko lino lili nawo ochepa. Ndalama zotolera zinakwera kuchoka pa pafupifupi K50 miliyoni kufika pa K350 miliyoni pofika 2018. Ntchito yabwino, ndipo ndikuivulira chipewa. Koma Mzuzu ndi mzinda wokhala ndi meya wake, ndipo munthu wa ku Chibavi akakwiya amayenda wapansi kukafika kukhonsolo. Wa pa Songwe ayambe wapeza ya minibasi, kupita ndi kubwera, kuti akangouzidwa kuti bwana ali kumsonkhano ku Salima.

Tsidya la mlatho nako ali ndi yawo njira. Kuyambira mu Ogasiti 2021 boma la Tanzania linayamba kudula msonkho wa nyumba pa mayunitsi a magetsi, mashilingi 1,000 pamwezi panyumba wamba pamene ankayamba. Anthu a lendi analira kuti akulipirira eni nyumba, ndipo analira zoona. Sindikunena kuti titengere. Ndikungoopa kuti wina ku Treasury anaziona kale, ndipo malovu akudontha.

Musandimve molakwa, ngati ndikuikira kumbuyo aliyense amene ali ndi khoma pa Songwe. Alipo amene boda yawalemeretsa: eni malo ogona alendo, eni nyumba zosungiramo katundu, eni malo omwetsera mafuta, makampani okonza mapepala a kasitomu, ndi ena amene chuma chawo chimawoloka mtsinje usiku pabwato. Ambiri a iwo sagona n'komwe pa Songwe. Amenewo akhome, ndipo akhome mokwanira, pakuti nyumba zawo zimabala ndalama tsiku ndi tsiku. Koma ndikuuzeni zimene zidzachitike, chifukwa taziona kwina konse. Wamkuluyo amadziwana ndi wina kukhonsolo, amadziwa khomo la loya, ali ndi nambala ya phungu. Kalata yake idzasochera. Ya mphunzitsi wopuma uja idzafika pa tsiku lake, ndi sitampa yofiira.

Nyumba imene munthu amagonamo ndi ana ake sibala ndalama. Kuikhometsa potengera mtengo umene ingagulidwe ndi kumuuza mwini wake kuti ngati sangakwanitse, agulitse achoke. Achoke apite kuti? Abwerere kudambo kumene munam'chotsa chifukwa cha madzi osefukira?

Pajatu mtsinje wa Songwe umasintha njira yake, umadya minda, umasuntha malire a mayiko awiri. Malawi ndi Tanzania akhala akukambirana za damu la magetsi okwana mamegawati 180 ndi ulimi wamthirira kwa zaka zambiri, anakhazikitsa ndi bungwe loyang'anira ntchitoyo, maofesi ake ali ku Kyela. Damulo anthu akulionabe papepala. Zolonjeza zanu zimayenda pang'onopang'ono chonchi. Zotolera zanu zokha ndiye zimadziwa kuthamanga.

Makolo athu ankathawira kutchire akamva kuti amesinjala a msonkho wa nyumba afika m'mudzi, kuyambira nthawi ya Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890. Sankathawa chifukwa cha ulesi. Ankaona ndalama ikupita ku Zomba osabwerera. Lero yasintha ndi njira yokha, imakhotera ku Lilongwe.

Tsono mawu anga otsala ndi a inu makhansala a ku Karonga, ndi inu mafumu amene mumakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo. Tsiku limene nkhani yokhometsa eni nyumba idzafike patebulo, idzabwera itakutidwa bwino, ndi alendo ochokera ku Lilongwe, ndi chakudya chamasana. Musadzakweze manja msanga. Funsani manambala atatu. MRA inatolera zingati pa Songwe chaka chathachi? Treasury inalonjeza zingati ku khonsolo ya Karonga, ndipo zinafika zingati? Nyumba ndi maofesi a boma amene ali m'bomali adzakhoma zingati, ndipo akadzalephera adzawatsekera ndani?

Manambalawo alembedwe papepala, m'Chingonde ndi m'Chitumbuka momwe, amatidwe pamsika wa Songwe pamene wodula matikiti amaima.

Bwana wina akadzakuuzani kuti zimenezo ndi zinsinsi za boma, mudzam'kumbutse mwaulemu kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mudzam'patse pepala ndi cholembera kuti akane molemba, asaine ndi dzina lake.